Tsiku Limene Alamu Sanabwere Kudzagwira Chitsulo

4ª feira, 5 de Junho, Ulongwe

Sindinagone. A enfermeira Marta, anamwino athu, atandifunsa m'mawa, ndinati ndi paipi ili m'nthitiyi, iwo n'kundiwonjezera mankhwala a ululu. Ndinanama pang'ono, Mulungu andikhululukire. Paipi ikupweteka ndithu, koma chimene chinandikhalitsa maso ndi mawu awiri amene alamu anga a Fatsani ananena dzulo, akuti "Si lero?", ndi zimene ine ndinawayankha.

Kaderno uyu wandisiyira Lídia, mkazi wanga, kuti ndizilembamo mankhwala. Amadziwa kuti ine ndikasowa womuuza ndimadwala kawiri.

Adotolo akuti nthiti ziwiri zakumanzere zathyoka, imodzi yabaya phapu, mpweya wadzaza pamene suyenera kukhala. Paipi ikuutulutsa kupita m'botolo la madzi pansi pa kama. Ndikatsokomola madziwo amachita thovu. Soro mmodzi, dripi ya pamkono. Jekiseni wa ceftriaxona m'mawa. Paracetamol katatu. Tensão, kuthamanga kwa magazi, 15/9.

Dzanja latopa.

5ª feira, 6 de Junho

Lero ndakhala tsonga, atandiikira mapilo awiri. Tili amuna asanu ndi atatu m'chipinda muno. Kumanja kwanga kuli a Julião, bambo wachikulire wa ku Chidzolomondo, mlimi wa fodya. Ngolo inawaponda phazi.

"Inu chinakugundani n'chiyani, njinga yamoto?"

"Chitsulo," ndinatero.

"Chinagwa padenga?"

"Ayi, ndinachinyamula ndekha."

"Mumapita nacho kuti?"

"Kulibe. Ndimangochikweza n'kuchitsitsa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ine yangayi inali ndi fodya, imapita kumsika," anatero. Chipinda chonse chinaseka, ngakhale uja wa pakona amene salankhula. Tsopano dzina langa la Dinis latha, onse akunditcha bambo Chitsulo. Kuseka kukundipweteka kuposa kutsokomola.

Ndilembe mmene zinayambira. Mwezi wa Janeiro anandiyeza kwathu ku Tsangano, tensão 16/10, makilo 94, munthu wa zaka 36. Ntchito yanga ndi kukhala pampando m'sitolo ya mbewu ndi fetereza, mandasi pambali. Malaya amene ndimawerengera mawu m'tchalitchi anasiya kumangika pamimba. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo sindikudziwa chinakula n'chiti. Ndinatenga ekiselo ya ngolo yakale, ndinathira simenti m'zitini za penti, ndinakhoma thabwa logonapo kuseri kwa nyumba. Kenako ndinaitana a Fatsani.

A Fatsani ndi mwamuna wa mlongo wanga Delfina. Kwawo ndi kutsidya kwa malire, ku Ntcheu, anabwera chikamwini zaka zitatu zapitazo. Nawonso ali ndi chimimba chawo. Ukagona pathabwa n'kumakankha chitsulo, mnzako amaima kumutu, manja ali pansi pa chitsulocho, kuti chikakukanika achigwire. Miyezi inayi anaima kumutu kwanga, osajomba.

Lolemba lapitali sanabwere. Ndinadikira kuyambira 17 horas, dzuwa likulowa, mphepo ya Junho ikubaya. Ndinakwiya. Ndinaika makilo 80, amene sindinanyamulepo, kuti mawa ndidzawauze kuti ndinatha popanda iwo. Katatu chinakwera. Kachinayi chinaima pakati, kenako chinabwerera. Lídia anamva ali m'khitchini. Anachichotsa ndi aneba awiri.

Lachiwiri m'mawa, ndili pachipatala chaching'ono cha kwathu kudikira galimoto, a Fatsani analowa ndi fumbi m'miyendo. Anali atapita ku Ntengo-Wambalame kukafuna mbewu ya kachewere, anagona komweko. Amayi analipo, amalume analipo, Delfina analipo. Ndinati, "Munali kuti? Ndinakulemberani papepala." Iwo anati, "Koma alamu, si lero?" Ine ndinamva ngati akundiseka. Ndinati, "Mkamwini wosathandiza alibe malo pakhomo pano. Delfina ndi mbumba yanga, ndingathe kumusunga. Bwererani kwanu."

Chimwalirire abambo, ndipo amalume atakalamba, amene amayang'anira mbumba ndine. Mawu amenewo akanena wina ndi mkwiyo chabe. Ndikanena ine ndi chigamulo. Ndinkadziwa, ndinanenabe.

Tensão 14/9. Thovu m'botolo lidakalipo.

6ª feira, 7 de Junho

A Marta andipatsa botolo lina ndi kapaipi, ndiziuzira mpweya m'madzi kakhumi ola lililonse kuti phapu lifutukuke. Munthu wonyamula makilo 80 ndikulephera kuchititsa thovu theka la botolo.

Lídia wabwera ndi mazira owiritsa, nyemba ndi mapeyala. A Julião adya dzira limodzi. Akuti akundithandiza kuchepetsa mimba.

M'thumba la buluku langa Lídia wapezamo pepala la ndondomeko, langa, lofanana ndi limene ndinapatsa a Fatsani Lamulungu titatuluka Misa. Ndilikopera muno, mwina likatayika ndingadzaiwale kuti ndinali ndi nzeru zotani.

2ª, 17h: chifuwa, mapewa, kumbuyo kwa mkono. Cholemera, maulendo 4, kasanu ndi kamodzi. TONSE AWIRI.
3ª: miyendo. Kunjuta chitsulo chili paphewa, maulendo 4, kakhumi.
4ª: kupuma. Kuyenda wapansi ola limodzi.
5ª: msana ndi kutsogolo kwa mkono. Kudzikoka pamtanda wa khola.
6ª: miyendo mopepuka, mimba, kukwera chitunda mothamanga.
Masiku otsalawo: kupuma ndi kupemphera.
Chakudya: mazira, nyemba, soya, usipa, masamba ambiri. Kachewere theka la mbale. Mandasi ndi zakumwa za shuga ayi.

Ndondomekoyi siyoipa. Miyezi inayi ija tinkangonyamula chifuwa tsiku lililonse, mapewa kuwawa, mikono osakula, mimba ili pomwepo. Ndinawerenga pafoni kuti minofu imakula pamene ukupuma, ndiye thupi uligawe m'masiku, mbali imene yagwira lero ipume masiku awiri kapena atatu, ndipo mafuta amachoka ndi mbale ndi kuyenda. Ndinakhala masiku atatu ndikuikonza, kufufuta ndi kulembanso. Ndinainyadira kuposa mmene ndimanyadira kuwerenga bwino kalata ya Paulo woyera. A Fatsani anaiyang'ana, anaipinda, anati, "Zakhala bwino alamu, mwandisiyira mpata wa mbewu." Sindinawafunse mpata wake uti. Ndinali kumvetsera kuyamikirako.

Lídia ndamufunsa za a Fatsani. Wati, "Bambo a Towera, uzirani botolo lanulo."

Sábado, 8

Thupi latentha, 38,7. Atenga magazi. Malungo ayi. Jekiseni tsopano kawiri pa tsiku. Atsuka pamene palowa paipi, ndinaluma nsalu.

Sindinadye.

Domingo, 9 de Junho

Kutentha kwatsika, 37,8.

Akatekisiti a parishi ya kuno anabwera ndi Ukaristia. Atafika pakama panga ndinapukusa mutu. Anadabwa, poti Lídia anali atawauza kuti ndine wowerenga mawu kwathu. Ndinati ndili ndi kanthu ndi m'bale wanga. Anandidalitsa n'kupitirira.

Masana kunabwera Delfina, mwana kumbuyo. Wabweretsa nthochi. Anakhala kumapazi a kama, osandiyang'ana.

"Alamu ali bwanji?"

"Anapita Lachitatu, achimwene."

"Anapita kuti?"

"Kumene munawatumako."

Akuti anatenga chikwama chimodzi ndi njinga. Mbewu ya kachewere ija anaisiya pakhonde, matumba awiri, anati Delfina adzale yekha nthawi ikakwana. Sanakalipe. Anangoti, "Mwini mbumba walankhula pamaso pa amayi." Amayi nawo akuuza aliyense kuchitsime kuti mkamwini anasiya mwana wawo kuti afe pansi pa chitsulo.

Ndinati, "Komatu sanabwere, Delfina. Ndinawalembera ndi zilembo zazikulu." Iye anati, "Inu mumalemba bwino, achimwene, tonse timadziwa." Anamanga mwana n'kupita kukakwera galimoto.

Ndikudziwa kuti ndinalakwa kulankhula chonchija. Koma mumtima ndikunenabe kuti nawonso analakwa, ndipo ndagwiritsitsa pamenepo ngati munthu wogwira udzu pamtsetse.

2ª feira, 10 de Junho

Raio-X m'mawa, kujambula chifuwa, anandikankha panjinga, botolo lili pamiyendo. Adotolo akuti phapu lafutukuka pafupifupi lonse. Tensão 13/8.

Lolemba lomwelo, masana

Ndafufuta mmene ndimalembera masiku, ndipo ndilembe chifukwa chake.

A Julião anati, "Bambo Chitsulo, tandionetsani pepala lothyola nthitilo." Ndinawapatsa, ndikuyembekeza kuti andisekenso. Analiika patali ndi maso, akuwerenga ndi chala. Anaima pamzere woyamba.

"Alamu anuwo sukulu anaphunzira kuti?"

"Kwawo, ku Malawi."

"Chiputukezi amachidziwa?"

"Cha kumsika. Bom dia, quanto é."

"Ndiye inu mwalemba 2 apa. Tandiuzani, tsiku lachiwiri ndi liti?"

"Segunda. Lolemba."

"Ayi, ndakufunsani m'Chichewa. Lachiwiri ndi liti?"

Ndinayang'ananso 2 uja papepala.

Iwo anapitiriza, akuwerenga zala. Aputukezi amayamba kuwerenga sabata Lamulungu, ndiye Lolemba limakhala lachiwiri, segunda. Ife timayambira Lolemba, ndiye lachiwiri lathu ndi mawa lake. Wolemba 2 ndi wowerenga 2 amasemphana tsiku lathunthu. "Ine zinandichitikira titangobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha," anatero. "Pepala la mbewu linati 5. Ine ndinasamba, ndinavala jekete, Lachisanu ndili pomwepo. Ndinapeza matumba opanda kanthu ndi mbuzi ikudya pepala lomwelo. Ndinatukwana boma chaka chathunthu."

Ena anaseka. Ine ndinali kuwerenga pepala langa ndi maso a a Fatsani. Lachiwiri chifuwa, tonse awiri. Lachitatu miyendo. Mpaka 6, Loweruka. Masiku otsalawo, Lamulungu ndi Lolemba, kupuma. Mpata wa mbewu uja ndi umenewo. Anapita ku Ntengo-Wambalame tsiku limene pepala langa linawauza kuti palibe chochita, anabwerera m'mamawa kuti 17 horas iwapeze kumutu kwanga. Si lero? Ankafunsa zoona.

Ndakhala ndi masiku awiriwa m'mutu chibadwire, segunda kusukulu ndi kusitolo, Lolemba kunyumba, sindinawaikepo pamodzi. Ndiululenso china. Pepalalo ndikanatha kulemba masiku ndi mawu. Zina zonse ndinalemba m'Chichewa. Manambalawo ndinawaika kuti lioneke ngati la ku ginásio ya onyamula zitsulo ku Tete, la munthu wa décima segunda, wotsiriza sekondale. Kangapo ndawasekapo a Fatsani akalakwitsa Chiputukezi pamaso pa makasitomala, iwo n'kumaseka nawo. Mwina n'chifukwa chake sanandifunse.

A Julião ataona nkhope yanga anasiya nthabwala. Anati, "Pepani, ndimayesa mukudziwa." Anandibwezera dzira limene Lídia anawapatsa.

Udzu ndinagwira uja wazuka. Palibe chimene analakwa.

Lachiwiri, 11 Junho

Atseka paipi ndi kachitsulo kopanira kuti aone ngati phapu likhala lokha. Kupuma kuli bwino. Jekiseni womaliza mawa. 36,9.

Ndaimba foni ya a Fatsani kasanu ndi kawiri. Ikulira, sakuyankha. Ndalemba uthenga, ndafufuta. Nkhani ya mkamwini wothamangitsidwa pagulu sitha ndi "pepani" wa pafoni.

Abambo a parishi anadutsa, ndinalapa atatchinga nsalu. Zimene anandiuza sindilemba zonse. Chachikulu n'chakuti Mulungu wamva, koma amene anali pachipatala paja sanamve, ndiye ndiyambire kwa mwini wakeyo, kenako amayi ndi amalume, ndi mawu okwera ngati mmene ndinanenera poyamba paja.

Lídia wafika mochedwa ndi nkhani. Ankhoswe a kwa a Fatsani atumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzatenga katundu wotsala ndi kudzamva ngati ukwati ulipo. Delfina akugona kwa amayi. Ine adotolo akuti ngakhale atachotsa paipi mawa, sanditulutsa mpaka Lolemba. Loweruka ndidzakhala pakama pano ndikuuzira botolo, ukwati wa mlongo wanga ukutha ndi mawu anga.

Ndinamuonetsa Lídia pepala, ndinamufotokozera za 2. Anati, "Ndiye munthu uja anathamangitsidwa chifukwa chosunga nthawi." Anatola mbale. Pakhomo anatembenuka. "Zitini zija ndadzalamo anyezi. Simenti sindinathe kuichotsa, ndangothira dothi pamwamba." Sindikudziwa ngati amanena zoona.

Amayi ndawaimbira pafoni ya aneba. Ndawauza zonse. Anati, "Iwe ndiye unaphunzira, unalemba zolakwika bwanji?" Ndinati sindinalembe zolakwika, ndinalemba zanga zokha. Sanamvetse, koma avomera kusiya kunena za kuchitsime zija.

Lachitatu, 12 Junho

Paipi yachoka 9 horas. A Marta anati ndikoke mpweya ndiugwire, adotolo anakoka kamodzi, anamanga ulusi. Yaitali kuposa mmene ndimaganizira. Raio-X ina mawa. Paracetamol ndikamva ululu basi.

Ndafunsa za zitsulo. Adotolo anayamba aseka, kenako anayankha bwino. Miyezi itatu osanyamula cholemera kuposa ndowa ya madzi. Kuyenda ndiyambe sabata yamawa, pang'onopang'ono. Ikatha miyeziyo ndibwere andione, ndipo akavomera ndiyambe ndi chitsulo chopanda zitini, masiku atatu pa sabata osati anayi, tsiku lopuma pakati. Akuti kunyamula n'kwabwino kwa tensão yanga, koma chogona pansi pa chitsulo ndili ndekha ndisadzayerekezenso.

Andiyeza. Makilo 89. Chiyambire Janeiro ndinali nditangotsitsa awiri, atatu enawa achoka sabata imodzi ndili chigonere, mafuta ndi minofu kupitira limodzi. Malaya aja mwina amangika tsopano. Sindikumva kukoma.

A Julião atuluka mawa. Akuti ndikadzafuna chonyamula ndipite ku Chidzolomondo nthawi ya fodya, mabelo alipo, ndipo iwo amanena masiku ndi pakamwa.

Delfina wabwera, ndinamuitanitsa. Ndamupempha kuti mawa m'mawa awoloke malire apereke kaderno uyu m'manja mwa mwamuna wake. Anamutembenuza, anayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Mwalemba m'chinenero chanji, achimwene?"

"Chathu."

"Masiku omwe?"

"Kuyambira pakati."

Kukamwa kwake kunagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. Wati apita, koma sakawapempha kanthu, poti wowathamangitsa si iye. Akudikira pabenchi panja kuti nditsirize. Ndiye zotsalazi ndikulembera inu.

Alamu, a Fatsani. Werengani kuyambira tsamba loyamba, sindinang'ambe ngakhale pamene pakundichititsa manyazi. Munafunsa kuti si lero, ndipo linali lero ndithu. Wolakwa pepala ndine, wolakwa chitsulo ndine, ndipo mawu aja a pachipatala ndine ndekha. Ndikuwabweza. Amayi ndawauza kale, amalume ndiwaimbira madzulo ano, ndipo ndikatuluka ndidzawabwezanso nditaimirira pamaso pa onse amene anamva, ndi pamaso pa ankhoswe anu ngati mukufuna. Nyumba ija ndi yanu, munaimanga ndinu. Mbewu yanu ili pakhonde, yayamba kuphukira maso, Delfina sanaikhudze.

Ndondomeko yatsopano nayi, ngati adotolo adzavomere mu Setembro. Lolemba chifuwa ndi msana. Lachitatu miyendo. Lachisanu mapewa ndi mikono. Masiku enawo kuyenda. Ngati tsiku lina likugundana ndi kumunda, mufufute mulembe lanu. Ngati simukufunanso za zitsulo, anyezi a Lídia akhale momwemo, ine sindidandaula. Chimene sindingapirire ndi mwana uja kukula akumva kuti abambo ake anachoka chifukwa amalume ake sanathe kulemba Lolemba.

Sindikukukakamizani kundikhululukira sabata ino. Ndikungopempha kuti ankhoswe asanyamuke Loweruka musanandiyankhe. Mumuuze Delfina, kapena muyankhe foni, ngakhale mawu awiri ngati aja. Ndiyankheni pofika Lachisanu, alamu. Lachisanu lathu lija, pa 14, lotsatana ndi Lachinayi.